Cimanga kuno, chimanga uko: zomwe ana a ku Chipata ndi a ku Mchinji amaphunzira m'makalasi oyamba

Achemwali anga a ku Mchinji atabwera ku Kulamba mu Ogasiti adagona kwathu kuno ku Chipata asanapitirire ku Mkaika. Madzulo adatenga kope la mwana wanga wamkazi, kuvundukula, n'kukwinya nkhope. Mwanayo adali atalemba "cimanga", pansi pake "nchito", ndipo aphunzitsi adali atachonga zonse. "Iwe mwana, zilembo zina wazisiya kuti?" Mwana adangoyang'ana ine. Ndidachita kuwafotokozera kuti liwu lomwe ku Malawi timalemba ch, kuno ku Zambia amalilemba c, ndipo lomwe timalemba tch amalilemba ch. Mwana sadalakwe, aphunzitsinso sadalakwe.

Ine ndidabadwira ku Mchinji, pulayimale ndidaphunzira komweko, kuno ndidabwera ndi banja. Kuchoka m'tauni kukafika pa boda ya Mwami sipatha ndi ola lomwe, maliro timayenderana, Kalonga Gawa Undi ndi wathu tonse, koma ana athu akalowa m'kalasi amakhaladi m'maiko awiri. Nkhani ya c ija ndi yaing'ono, komabe imasonyeza kuti kholo lisanathandize mwana liyambe laona zomwe zili m'kope mwake. Ambirife timaphunzitsa momwe tidaphunzirira ifeyo, mwana n'kusowa womumvera pakati pa mayi ake ndi aphunzitsi.

Ku Malawi pulayimale ndi zaka 8, mwana amayamba Sitandade 1 ali ndi zaka 6 ndipo amatsiriza ndi mayeso a bungwe loyendetsa mayeso la MANEB. Kuno kwa nthawi yaitali idali Giredi 1 mpaka 7, kuyamba ndi zaka 7, mayeso ake a bungwe la mayeso la ECZ, koma ndondomeko yatsopano yomwe idayamba mu Januwale 2025 yafupikitsa pulayimale kukhala zaka 6. Fizi ya ku pulayimale idathetsedwa ku Malawi mu 1994, nthawi ya a Bakili Muluzi, kuno mu 2002, nthawi ya a Levy Mwanawasa. Mu 2022 boma la a Hakainde Hichilema lidafikitsa maphunziro aulere ku Giredi 12, n'kulemba aphunzitsi oposa 30,000 chaka chomwecho. Mbali zonse ziwiri ana adakhamukira kusukulu, ndipo ndi bwino kuti adatero, koma makalasi a ana aang'ono amadzaza mpaka mphunzitsi kusowa poponda. Mwana wamanyazi wokhala kumbuyo angathe kumaliza teremu yonse osawerengako mokweza ndi kamodzi komwe.

Pa kalendala ndimakonda za kwathu. Ku Malawi chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, njira zili zouma, m'nkhokwe mukadali chimanga, ndalama ya mtedza ndi soya ikadalipo yogulira makope ndi yunifolomu. Pomwe mvula izidzagwa, mwana amakhala atazolowera kale. Kuno timatsegulira mu Januwale, mvula ili pakati, timitsinje titadzaza, ndalama itathera ku feteleza, akuluakulu ali kalikiliki kupalira. Kamwana ka Giredi 1 ka kumudzi kamajomba m'masabata omwe aphunzitsi akuyamba a, e, i, o, u, ndipo kakaphonya pamenepo kamatsalira chaka chonse. Kholo la kuno liziyang'anitsitsa Januwale ndi Febuluwale. Mwana akakanika kuwoloka, madzulo afunse mnzake liwu lomwe aphunzira tsikulo.

Koma nkhani yomwe imandisowetsa tulo ndi ya chiyankhulo. Chaka cha 2014 maiko awiriwa adasemphana njira. Mu Januwale chaka chimenecho Zambia idayamba kuphunzitsa ana a m'makalasi oyamba, mpaka Giredi 4, m'chiyankhulo cha m'dera lawo, chimodzi mwa zisanu ndi ziwiri: Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale. Chingerezi chidakhala phunziro monga maphunziro ena, n'kudzatenga mpando ku Giredi 5. Ku Malawi, komwe ife tidaphunzira m'Chichewa mpaka Sitandade 4, lamulo la maphunziro la 2013 lidati chiyankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi, ndipo unduna udalengeza kuti kuyambira Seputembala 2014 zikhale choncho kuyambira Sitandade 1.

Kulengeza kudalipo, koma lowani m'kalasi ya Sitandade 1 kumudzi ku Mchinji lero. Mphunzitsi amafotokoza m'Chichewa, chifukwa ana omwe sadamvepo Chingerezi pakhomo sangamve mwa njira ina. Ndipo mu 2016 boma lomwelo lidakhazikitsa National Reading Programme, yomwe idaika kuwerenga Chichewa pambali pa Chingerezi m'Sitandade 1 mpaka 4, kuyambira maliwu a malembo, kenaka maphatikizo, mawu, mpaka ziganizo. Mwana wa achemwali ali Sitandade 2, ndipo chomwe amawerenga n'kumva ndi Chichewa. Chingerezi amachiimba ngati nyimbo.

M'nyumba mwanga muno ndaona njira zonse ziwiri. Wachisamba adaphunzira nthawi ya Chinyanja. Pomaliza Giredi 2 ankawerenga zikwangwani za pa msika wa Kapata ndi buku la nyimbo la ku tchalitchi, ndipo Chingerezi chitabwera adali akudziwa kale ntchito ya chilembo, chomwe chidamutsalira chidali kuphunzira mawu atsopano. Wamng'onoyu adayamba mu 2025, pomwe ndondomeko yatsopano idabwezera Chingerezi kukhala chophunzitsira kuyambira pansi penipeni, ziyankhulo zathu n'kutsala zofotokozera pomwe mwana sakumva, ngakhale kuti kuwerenga Chinyanja kudakalipo ngati phunziro. Maphunziro ake adawaika m'magulu atatu: kuwerenga ndi chiyankhulo, masamu ndi sayansi, ndi za luso. Amabwera kunyumba akunena ziganizo za Chingerezi mokoma ndithu. Ndikamufunsa tanthauzo amakhala chete.

Sindikunyoza makolo omwe ankafuna Chingerezi. Mayeso ali m'Chingerezi, ntchito zimafuna Chingerezi, ana a m'sukulu zolipira za m'tauni amachiyankhula ali aang'ono ndipo ife timaona. Inenso ndikufuna ana anga achidziwe. Koma Malawi yayenda njira imeneyi zaka zoposa khumi, ndipo ikutionetsa kuti kulemba m'lamulo sikupatsa mwana chiyankhulo. Chichewa chili ndi mwayi womwe Chingerezi chilibe: momwe chilembo chamvekera lero ndi momwe chidzamvekere mawa. Mwana akadziwa m ndi a, adziwa ma, ndipo ma sadzasintha. M'Chingerezi chilembo chomwecho cha a chimamveka mosiyana m'mawu atatu otsatizana. Kuyambitsa mwana kuwerenga kumeneko, m'mawu omwe sakuwamva, n'kumusenzetsa mitolo iwiri nthawi imodzi. Pa mfundo iyi Zambia ya 2014 idalondola.

Tisaiwalenso kuti ife Achewa tili ndi mwayi. Mwana wa ku Petauke amayankhula Chinsenga, wa ku Lundazi Chitumbuka, wa ku Mambwe Chikunda, koma buku lawo ndi la Chinyanja, monganso mwana wa Chiyao ku Mangochi amapatsidwa la Chichewa. Abale athu a ku Angónia ku Mozambique ndiye ambiri amayambira m'Chipwitikizi, ngakhale kuti kuyambira 2003 sukulu zina kumeneko zimaphunzitsa m'ziyankhulo ziwiri.

Chomwe ndikadakonda Malawi itatengera kuno ndi Catch Up, pulogalamu yothandiza ana otsalira pa kuwerenga ndi masamu. Idayamba kuyesedwa mu 2016, ndipo Chipata ndi Katete adali m'gulu la maboma oyamba. Nzeru yake idachokera ku India ndipo ndi yosavuta. Ana a Giredi 3 mpaka 5 amawayesa mmodzimmodzi, n'kuwagawa molingana ndi pomwe afika, osayang'ana kalasi: osadziwa malembo paokha, odziwa malembo paokha, owerenga mawu paokha, owerenga nkhani paokha. Tsiku lililonse amakhala ndi nthawi yawo yapadera, atakhala pansi mozungulira, akulemba ndi choko pa simenti, akumanga timitengo m'mitolo. Kwathu ku Malawi mwana akalephera amabwereza kalasi, n'kukamvanso zomwezo mwa njira yomweyo, ndipo ndikudziwa ana omwe adabwereza Sitandade 1 kawiri kenaka n'kusiya sukulu. Malawi nayo yayamba kubweretsa matabuleti ophunzirira kuwerenga ndi masamu m'makalasi oyamba kudzera mu pulogalamu yotchedwa BEFIT, ndipo ana amawakonda, koma Catch Up imafuna timitengo ndi choko basi, n'chifukwa chake ingalowe m'nyumba ya aliyense.

Ndi zomwe ndimachita madzulo nsima isanapse. Ndidadula katoni ya shuga tizidutswa, n'kulembapo maphatikizo: ma, me, mi, mo, mu, na, ne, ni, no, nu. Ndi khumi okhawo mwana amapanga mano, moni, mame, nena, ndipo nkhope yake ikawala ndimadziwa kuti wamva, sakungoloweza. Ndimayambira pomwe iye ali. Ngati malembo akumuvutabe sindimupatsa nkhani, ngakhale anzake m'kalasi afike tsamba la makumi awiri. Maliwu ophatikizana monga nkh, mph ndi dzw amabwera pambuyo, ndipo pamenepo mpofunika kudekha. Tidakhala sabata yathunthu pa ng'oma yoimba ndi ngoma ya m'tchire, kufikira ataona kuti kakoma kapamwamba kaja kamasintha zonse. Mphindi khumi ndi zisanu zimakwana. Zikapitirira mwana amatopa, kholo limayamba kukalipa, ndipo mwana wokalipiridwa amawerenga nkhope ya mayi ake m'malo mwa chilembo. Chikwapu chisayandikire kope.

Masamu nawonso ali ndi msampha wake, ndipo ndi wofanana mbali zonse ziwiri za boda. Ana athu amawerenga manambala m'Chingerezi, wani, thu, fili, mpaka handiredi osapuma, makolo n'kusangalala. Muuzeni akupatseni tomato zisanu ndi ziwiri, muone. Ndiye ine ndimamutuma kuunjika milu ya tomato, zinayi mulu uliwonse, n'kumufunsa kuti milu itatu ili ndi zingati. Timamanga timitengo khumikhumi, kuti akaona 23 adziwe kuti ndi mitolo iwiri ndi timitengo titatu. Chenji cha kugolosale amawerenga yekha. Bambo ake amasewera naye nsolo, yomwe kwathu timati bawo, ndipo pamenepo amawerengera, kugawa ndi kuganizira kutsogolo osadziwa kuti akuphunzira.

Amayi anzanga ena amati iwo sadapite kusukulu, angathandize bwanji. Angathe, ndipo kwambiri. Nthano ya madzulo ndi phunziro: mukatha, mwana aibwereze m'mawu ake, mumufunse chomwe chidayamba, chomwe chidatsatira, ndi chifukwa chomwe Kalulu adachitira zomwe adachitazo. Mafunso omwewo ndiwo adzakumane nawo pa pepala. Mwana angathenso kuwerengera agogo ake omwe saona bwino, ndipo agogo, ngakhale sadziwa chilembo, amamva pomwe chiganizo chapunduka. Ndagi zimanola mutu. Ndipo mimba ikhale ndi kanthu m'mawa. Phala la Mary's Meals, lomwe lidayamba ku Malawi mu 2002 n'kufika kuno kummawa mu 2014, lasunga ana ambiri m'kalasi, koma silifika pa sukulu iliyonse, ndipo mbatata yotsala dzulo imathandiza.

Chomwe chimatisowa tonse ndi chowerenga. Buku limodzi amagawana ana angapo, ndipo pa sukulu ya mwana wanga mabuku amatsekeredwa m'kabati ana akaweruka, poopa kuti angang'ambike. Achemwali akuti kwawo nthawi zina ana amaloledwa kupita nalo kunyumba. Pa msonkhano wa makolo wa teremu ino ndikapempha chinthu chimodzi: kuti mabuku a Chinyanja azibwerekedwa Lachisanu n'kubwezedwa Lolemba, kholo litasayina, ndipo likatayika kholo lilipire. Amayi anzanga anayi avomera kale kukaimirira nane.