Maganizo anga: zogundana masiku musiyireni PostgreSQL

Anzanga olemba mapulogalamu kuno ku Zomba, ambirinu mukapanga sisitemu yosungitsira zipinda pa loji mumaikabe ma column awiri, la tsiku lolowa ndi la tsiku lotuluka, kenako n'kulemba function mu Haskell kapena Elixir yoona ngati masiku akugundana. Ine ndikuti ntchito imeneyo si ya code yanu, ndi ya database ya PostgreSQL.

Function ikhale yaukhondo chotani, sabata ya graduation ku UNIMA idzakuyalutsani. Malo ogona adzaza mpaka ku Matawale, makolo awiri adina pafoni nthawi imodzi kufuna chipinda chomwecho. Onse auzidwa kuti chilipo, poti pamene function imayang'ana panalibe yemwe anali atalembedwa. Madzulo atulukira ndi zikwama zawo, wotukwanidwa n'kukhala mtsikana wa pa reception.

Chikhalirecho mankhwala ake alipo kuyambira 2012, pamene PostgreSQL 9.2 inabweretsa ma range type, mitundu ya data yosunga poyambira ndi pothera mu column imodzi. Ikani column imodzi ya daterange, yatsani extension ya btree_gist, muike EXCLUDE constraint (lamulo la mu database) yoti chipinda chikakhala chimodzi, masiku asakumane pa && (chizindikiro choona ngati ma range awiri akugundana). Wodina wachiwiri uja database imubweza yokha ndi code 23P01, inu n'kungoisandutsa uthenga waulemu. Chomwe ndimaikondera daterange n'choti tsiku loyamba imaliwerenga koma lomaliza ayi. Mlendo wotuluka pa 13 ndi wolowa pa 13 sakangana, ndipo umu ndi momwe ma loji amawerengera kale.

Ku Haskell, library ya postgresql-simple ili ndi PGRange, malire ake ndi Inclusive, Exclusive, NegInfinity ndi PosInfinity. Mlendo amene sananene tsiku lochoka mumamupatsa PosInfinity, osati kunamizira chaka cha 2099. Ku Elixir kuli kantchito pang'ono: Postgrex.Range ilipo mu driver ya Postgrex koma Ecto.Type yake, yoti library ya Ecto iizindikire, mulemba nokha, kenako muike exclusion_constraint pa changeset (pomwe Ecto imayendera data isanasungidwe). Amene muli pa MySQL chifukwa hosting yake njotchipa, pepani, kumeneko kulibe zimenezi.

Pamene muyenera kutsegula maso ndi pa range yopanda kanthu. Wina akalowa pa 13 n'kutuluka pa 13 pomwepo, daterange imasanduka empty, ndipo empty sigundana ndi chilichonse, choncho constraint ija imangomulowetsa. Onjezani CHECK ya NOT isempty, ndipo ngati loji imabwereketsa zipinda masana okha, gwiritsani ntchito tstzrange kuti maola nawonso aziwerengedwa.