M1 si Autobahn, abale

Dzulo ndinatsala pang'ono kufa chifukwa cha munthu amene ku Germany sanapondeko n'kamodzi komwe.

Ndinakwera ka Sienta ku Lilongwe kupita ku Ntcheu. Titadutsa Dedza ndinasuzumira kutsogolo, muvi wa sipidi uli pa 130. Apo n'kuti tikuyandikira Lizulu, anthu ali piringupiringu m'mbali mwa msewu, amayi ndi mabeseni a tomato pamutu, anyamata a kabaza atamanga matumba a kachewere. Ndinati, "Adalaivala, tachepetsaniko liwiro." Iwo kuseka. "Mayi, mukuopa chiyani? Ku Germany anthu amaponda 200, kulibe malire." Ndiye wina kumbuyo n'kumavomereza, ati tifike msanga.

Germany yake iti? Ndinapsa mtima mpaka manja kunjenjemera.

Inde, pa Autobahn, msewu waukulu wa ku Germany, pali zigawo zopanda malire a liwiro. Koma pamsewu umenewo simuyenda munthu wapansi. Simuyenda njinga. Simuyenda ngolo. Galimoto yosatha kupitirira makilomita 60 pa ola siiloledwa n'komwe kulowamo. Opita ndi obwera analekanitsidwa ndi chitsulo pakati, ndipo palibe mphambano yoti wina angotulukira. Ngakhale komweko boma limalangiza 130, ndipo ukachita ngozi utapitirira pamenepo ukhoza kusenza gawo la mlandu ngakhale wolakwa ali mnzako. Galimoto imakayezedwa zaka ziwiri zilizonse. Nanga yathuyi? Matayala a kaunjika osalala ngati chipumi, anthu 9 pa mipando 7, chitseko chakumbuyo chomanga ndi linya.

M1 si Autobahn. M1 ndi msewu, ndi msika, ndi njira ya ana asukulu, ndi podyera mbuzi, zonse pamodzi. Phula lake ndi lomwelo limene agogo amawolokapo ndi ndodo kupita kuchigayo. Ukaponda 130, pa sekondi imodzi yokha wadutsa mamita 36. Sekondi imodzi! Mwana akathamangira mpira, phazi lako lisanafike n'komwe pa buleki nkhani yatha kale. Chakudza sichiyimba ng'oma.

Ndipo musatinamize kuti azungu onse amathamanga mmene afunira. Ku Britain misewu yawo ikuluikulu malire ndi mamailosi 70, omwe ndi makilomita pafupifupi 113. Ku Netherlands mu 2020 anatsitsa liwiro la masana kufika pa 100. Ku Joni, pa N1 yotakata ija imene abale athu amaijambula n'kutitumizira, malire ndi 120. Misewu yosalala, yamizere yooneka, ina yamagetsi usiku wonse, eni ake n'kumati apa pokha tilekezere. Iwe pa kamsewu kamaenje, m'mphepete modyeka, kopanda ndi pothawira pomwe, ukufuna kuwaposa onsewo? Ndiwe ndani?

Ndikudziwa, mudzati mwini galimoto amafuna ndalama yake madzulo, mafuta akwera, matiripi achuluke. Zimenezo kakambiraneni ndi bwana wanuyo. Khosi langa lisalowepo.

Chimene chikundiwawa n'chakuti munthu watenga chinthu chimodzi chokha cha ku Germany, liwiro, zina zonse wazisiya komweko. Mabuleki abwino wasiya. Kuyezetsa galimoto wasiya. Lamba sanamange, foni ili kukhutu, dzanja lina likuwerenga chenji. Akufuna liwiro la Autobahn pamsewu wa Lizulu. Liwiro la Munich pakati pa mabeseni a tomato.

Ndinatsikira pa Lizulu pomwepo, ndalama yanga osabweza, n'kudikira ina mphindi 40 padzuwa. Ndinafika ndithu.

Ndiye inu amene mumathwanimitsa magetsi kuchenjeza anzanu kuti kutsogolo kuli apolisi ndi kamera, mumaona ngati ndi chifundo? Dzulo galimoto zitatu zinamuthwanimitsira dalaivala uja. Anatsika mpaka 50, nkhope ngati m'busa, kupatsa moni apolisi. Titangokhota, phazi pansi. Amene mwamupulumutsa ku chindapusayo ndi yemweyo akukakumana ndi mwana wanu pa Kampepuza.