Chiphaso mumadula tsiku lililonse, nanga chimbudzi chili kuti?

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Loweruka lapitali ndinali kumudzi kukaona mayi anga, ndiye m'mawa ndinawaperekeza kumsika wa kwathu. Mayi amagulitsa tomato ndi anyezi, ndipo akhala pamalo omwewo zaka zoposa 20. Fizi yanga ya ku sekondale inachokera pa mulu wa tomato umenewo. Tinafika cha m'ma 6 koloko, ine nditasenza dengu, iwo ali ndi beseni pamutu. Tisanayale n'komwe thumba pansi, mnyamata wa khonsolo anali atatiimirira kale, kabuku ka ziphaso kali m'manja.

"Mayi, chiphaso."

Mayi anamuyankha mofatsa. "Mwanangu, tandidikira ndigulitseko kaye mulu umodzi, sindinagwire ndalama."

Iye osayankha. Anangowerama n'kunyamula beseni lonse, ati akalisunga ku ofesi mpaka ndalama ipezeke. Tomato atatu anagwa, mmodzi n'kuphwanyikira pa phazi langa. Ndinatulutsa K300 m'thumba manja akunjenjemera, ndinamupatsa, iye n'kung'amba kapepala kake n'kupita kwa mayi wina woyandikana nafe. Ndinkafuna kumutsatira koma mayi anandigwira mkono. "Usakangane naye. Iwe mawa ukwera basi, ine nditsala naye pano."

Zimenezo ndinapirira. Chimene chandilembetsa zonsezi chinachitika cha m'ma 10 koloko. Mayi anati ndiwagwirire malo akubwera. Anapita, mphindi 10 zinadutsa, 20, mpaka theka la ola. Atabwera ndinawafunsa komwe anali. Ati anapita kunyumba ya mnzawo kuseri kwa chigayo kukapempha chimbudzi. Ndinafunsa, nanga cha pamsika pano? Anangoloza ndi mlomo. Ndinapita kukaona ndi maso anga. Chitseko anachimanga ndi waya wochita dzimbiri, dzenje linadzaza kalekale, khoma lina linang'ambika kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kuseri kwake simungaponde. Anthu akhala akudzithandiza pomwepo, ndipo sindikuwadzudzula, chifukwa munthu amene wachoka kwawo mbandakucha n'kudzaweruka dzuwa litalowa sangasunge mimba tsiku lonse. Masitepe ochepa kuchoka pamenepo pali mulu wa zinyalala wofika m'chiuno, makoko a nthochi, masamba owola, majumbo, ndipo ntchentche zikuchoka pamuluwo n'kukatera pa usipa ndi pa mandasi a mayi wina amene wakhala pansi ndi mwana kumsana. Mayi ati chimbudzicho chinatsekedwa mvula ya chaka chatha isanathe.

Ndiye ndikufunsa akuluakulu a khonsolo yathu: ndalama ya chiphaso mumatolera tsiku lililonse, nanga chimbudzi chili kuti?

Podula chiphaso simujomba. Mvula igwe, dzuwa liswe mtengo, kukhale maliro pamudzi, mnyamata wa kabuku amafika nthawi yake. Sanachedwepo chifukwa galimoto ilibe mafuta. Sanalepherepo kubwera chifukwa komiti sinakumane. Ntchito imodzi yokhayo ndiyo imayenda bwinobwino pamsika wathu. Koma tikati tsegulani chimbudzi, yankho ndi lakuti nkhaniyo tinaitumiza ku boma. Tikati chotsani zinyalala, ati thirakitala inafa. Tikati mpope wauma, ati tikudikira bajeti. Podula chiphaso bajeti simuidikira, bwanji pokolopa dzenje mukuidikira?

Ndinakhala pansi n'kuwerengera. Mayi amapita kumsika masiku 6 pa sabata. K300 pa tsiku ndi K1,800 pa sabata, pa chaka zikupitirira K90,000. Munthu mmodzi ameneyo, wogulitsa tomato wa mulu. Nditayenda m'mizere tsiku limenelo ndinawerenga ogulitsa oposa 100 ndisanafike n'komwe kwa a kaunjika, a nyama ndi a njinga za kabaza, omwe nawonso amalipira zawo. Wonkhetsani nokha. Kodi pa ndalama yonseyo sipangapezeke yokumbira dzenje limodzi, matumba angapo a simenti ndi malata anayi? Sipangapezeke yogulira wilibala, mafosholo awiri ndi matsache? Mayi anga sakupempha shedi ya matailosi. Akupempha malo oti akadzithandize ngati munthu, osati mayi wa zaka zopitirira 60 kumayenda khomo ndi khomo kupempha chimbudzi cha eni ake kwinaku kapepala ka khonsolo kali komanga pa nsonga ya chitenje.

Ndipo izi si zachifundo ayi. Ndi ntchito yanu. Lamulo la maboma ang'ono la mu 1998, limodzi ndi ndondomeko ija ya mphamvu ku anthu ya chaka chomwecho, linapereka misika, zinyalala ndi zimbudzi za anthu onse m'manja mwa makhonsolo. Lamulo lomwe limakupatsani mphamvu yotolera msonkho wa pamsika ndi lomwenso limakuuzani kusesa msikawo. Simungatenge tsamba lonena za ndalama n'kusiya tsamba lonena za tsache. Walira mvula walira matope. Munafuna mphamvu zichoke ku Capital Hill zibwere ku boma, zabwera, ndiye landirani ndi dzenje lodzaza lomwe, ndi lanu.

Ndikudziwa zimene mudzanene. Ndalama zochokera ku likulu zimachedwa, katundu wakwera mtengo, ogwira ntchito ena akhala miyezi osalandira. Mwina n'zoona. Koma ndalama ya chiphaso sichokera ku Lilongwe. Imachoka m'manja mwa mayi anga n'kulowa m'manja mwa munthu wanu, pamalo omwewo pomwe pali zinyalalazo. Ulendo wake ndi waufupi kwambiri. Ikusochera pati?

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti tonse tikukumbukira zimene kolera inatichita. Inayambira ku Machinga mu March 2022, n'kufalikira dziko lonse, ndipo anthu oposa 1,700 tinawaika m'manda. Mu January 2023 ana a ku Blantyre ndi ku Lilongwe anachedwa kutsegulira sukulu chifukwa cha mliri womwewo. Nthawi imeneyo makhonsolo anathamanga kuletsa zakudya zophikaphika m'misika ndi m'misewu. Amayi a mandasi, a zitumbuwa, a chimanga chophika ndiwo anauzidwa kuti apite kwawo, ngati kuti iwo ndiwo anabweretsa matenda. Alangizi a zaumoyo anayenda ndi klorini khomo ndi khomo kutiuza kuti banja lililonse likhale ndi chimbudzi ndi mpondagiya. Mafumu analipiritsa nkhuku anthu opanda chimbudzi pakhomo. Chabwino, tinamvera, tinakumba. Nanga khonsolo yopanda chimbudzi pamsika wake ilipira nkhuku kwa ndani? Munthu wamba akasowa chimbudzi ndi mlandu, khonsolo ikasowa chimbudzi ndi vuto la bajeti? Ayi, zimenezo sindikuvomera.

Mvula ili pafupi. Mitambo yayamba kale kusonkhana madzulo. Ikangogwa yoyamba, madzi adzadutsa kuseri kwa chimbudzi chija, adzadutsa pamulu wa zinyalala, n'kutsikira m'mizere momwe tomato, masamba ndi nsomba zayalidwa pa matumba pansi. Kuchoka apo adzalowera kudambo komwe kuli zitsime za anthu. Izi sizifuna dokotala kuti azione. Mwana woyamba akadzagona pa bedi la kolera, mudzabwera ndi galimoto, zimkuzamawu ndi ndowa za klorini, mudzathamangitsa amayi a mandasi, ndipo mudzati anthu a kuno ndi auve. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Dzenje likumbidwe lero kukadali kouma.

Wina andiuza kuti bwanji ogulitsa osangosonkherana okha n'kukumba. Ndiye chiphasocho n'chachiyani? Alipire kawiri? Asonkhe ya khonsolo m'mawa, madzulo asonkhenso yogwirira ntchito ya khonsolo? Komanso musaganize kuti sanayesepo. Komiti ya msika inasonkhetsapo ndalama yolipira anyamata oti achotse zinyalala ndi ngolo, mayi anaperekako. Patatha milungu itatu mulu unabwerera, chifukwa palibe dzala, palibe bini, palibe amene amabwera kudzatenga. Anthu osauka akhala akugwira ntchito yanu ndi ndalama zawo kwinaku akukulipirani kuti muigwire. Chimenechi ndicho chikundipsetsa mtima.

Mnyamata wa kabuku uja sindikulimbana naye kwenikweni, ngakhale kunyamula beseni la mayi wamsinkhu wa mayi ake ndi mwano wosaneneka. Iye anatumidwa, ndipo mwina akabwerera ndi ndalama zochepa amakalipiridwa. Ndikulimbana ndi amene amalandira chikwamacho madzulo. Ndikulimbana ndi amene amakhala pa mipando ya khonsolo n'kuvomereza bajeti. Khonsolo ili ndi komiti ya zachuma, ili ndi komiti ya zaumoyo ndi zachilengedwe, ili ndi bwanamkubwa ndi akuluakulu a nthambi zosiyanasiyana, ili ndi mkulu woyang'anira msika amene ofesi yake yayang'anizana ndi mulu wa zinyalala womwewo. Onsewa palibe amene mphuno yake ikugwira ntchito? Mumakumana, mumakambirana, mumasaina, mumalandira za mayendedwe. Pa zokambirana zanu zonsezo, chimbudzi cha msika umene umakupatsani ndalama tsiku ndi tsiku sichinapezeko mzere umodzi?

Ngati ndalamayo ikugwira ntchito ina yofunika kuposa imeneyi, tiuzeni. Pakhoma la ofesi ya msika pali bolodi, ndinaliona, pamangomatidwa machenjezo a anthu osalipira. Matanipo pepala mwezi uliwonse: tatolera zakuti, tagwiritsa ntchito zakuti, zabwerera kumsika kuno ndi zakuti. Lembani m'Chichewa, zilembo zikuluzikulu, kuti mayi wa tomato awerenge yekha. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndiye sitikupempha chinsinsi cha munthu. Ndi ndalama yathu. Amene amadziwa kutilembera kuti wosalipira alandidwa katundu adziwenso kutilembera komwe kwapita zimene talipirazo.

Ndipo poti ndayamba, ndinene ndi za akhansala. Dziko lino linakhala zaka 9 popanda makhansala, kuyambira 2005 mpaka chisankho cha pa 20 May 2014. Nthawi yonseyo tinkati zinthu zikuwonongeka m'makhonsolo chifukwa mulibe maso a anthu. Tinalira, mabungwe analira, makhansala anabwerera. Tinavotanso mu 2019, tavotanso pa 16 September 2025, mawodi 509 dziko lonse. Wa kwathu pa nthawi ya kampeni anadutsa mumsika womwewu akugwira chanza mzere ndi mzere. Mayi anga anawatchula kuti mayi anga, anagulanso mulu wa tomato osatenga chenje. Anaima pafupi ndi chimbudzi chomwecho n'kunena kuti chikhala chinthu choyamba. Chivotereni sanapondemonso. Mayi ati amangomuona akudutsa pa njinga yamoto kulowera ku boma, chipewa chitaphimba nkhope. Akhansala, ulendo wa ku boma umadutsa pamsika. Kuima mphindi zisanu n'kufunsa amayi aja kuti zikuyenda bwanji sikudya mafuta.

Ku VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, nkhani imeneyi inakambidwa. Agulupu anaipititsa ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu, mayi ati anamva ndi makutu awo pa msonkhano wa pansi pa mtengo kuti yalembedwa. Yalembedwa, yalembedwa, chaka chatha chonse ndi yalembedwa. Anthu amasiya makasu awo kukakhala pa misonkhano imeneyi, amatchula zosowa zawo mmodzimmodzi, mlembi amalemba, ndiye pepalalo likafika ku boma limakagona pati? Ndalama ya CDF, thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, inafika K200 miliyoni pa dera la phungu mmodzi m'chaka cha 2024/25. Phungu ndi khansala amatha miyezi akukokanakokana kuti chitukuko chakuti ndabweretsa ndine, dzina lilembedwe la yani pa chikwangwani. Chimbudzi palibe amene akuchilimbirana, chifukwa palibe wofuna kudula riboni pa dzenje. Aliyense akufuna mlatho ndi buloko ya sukulu zoti azijambulitsapo.

Lamlungu madzulo ndikutsanzika, mayi anali pakhonde akusankha tomato wa Lolemba, wofewa mbali ina, wolimba mbali ina. Ndinawapatsa ndalama ya ziphaso za sabata yonse kuti wina asadzawanyamulirenso beseni. Anaimanga pa chitenje n'kundiuza kuti masiku ano m'mawa samwanso tiyi, ndipo madzi amayamba kumwa akaweruka, kuti asavutike ali kumsika. Dzuwa la October lino, munthu wamkulu tsiku lonse osamwa madzi, ali ndi chiphaso cholipira m'manja.