Chiphaso cha unzika chizitiwolotsa malire basi

Ndakwiya, ndipo lero sindibisa mawu. Azakhali anga, mayi wa imvi zake, awabweza pachipata dzulo akupita kumaliro a mlongo wawo tsidya linalo. Akuti bodapasi imangofikitsa munthu patauni yoyamba akawoloka, pomwe mudzi wa malirowo uli mkati ndithu. Anamasula kansalu komwe amamangamo ndalama, n'kutulutsa chiphaso cha unzika. Wapawindo anangochikankha ndi cholembera osachiyang'ana n'komwe: "Mayi, pasipoti." Chipatacho sindichitchula, poti mnyamatayo amangotsata zomwe anamulembera. Chondinyansa ine ndi lamulolo.

Mu 2017 tinafola padzuwa dziko lonse, kujambulitsa nkhope, kudinda zala. Chiphaso chimenechi timavotera, timagulira feteleza wotsika mtengo, timalembetsera nambala ya foni, kubanki amachilandira. Koma pamalire, pomwe munthu akungofuna kukaika m'bale wake m'manda, chimasanduka chabechabe? Ngati boma limachikhulupirira pa voti, lichikhulupirirenso pachipata. Nkhani yanga ndi yomweyi basi.

Musandiuze kuti n'zosatheka. Botswana ndi Namibia anagwirizana mu February 2023 kuti nzika zawo zizidutsa ndi chiphaso cha unzika chokha. Kenya, Uganda ndi Rwanda anayamba kalekale, mu 2014. Mayiko amenewa sanagwe, akuba sanawamalize. Zambia ndi Zimbabwe ali ndi viza imodzi yoti mzungu aone mathithi a Victoria Falls mbali zonse ziwiri, n'kukasuzumiranso nyama ku Chobe ku Botswana. Mlendo wa kutsidya kwa nyanja amamuyalira mphasa chotere, koma Mchewa wa ku Mchinji kuti akacheze ndi Mchewa mnzake wa ku Katete ku Zambia, ayambe waonetsa mapepala. Zamanyazi!

Ena ati pasipoti inatsika mtengo. Inde, mu 2024 inachoka pa K90,000 kufika pa K50,000. Ndiye mayi wogulitsa usipa pamulu aitenge kuti K50,000, kuphatikizapo thiransipoti yopita ku Lilongwe kapena ku Blantyre, pogona ndi chakudya? Zonsezi kuti akayende ulendo womwe wakabaza amapalasa m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanapendeke?

Chaka chilichonse kumapeto kwa August, mafumu ndi anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakakhamukira ku Mkaika kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Gule ndi mmodzi, chilankhulo ndi chimodzi, mfumu yaikulu ndi imodzi. Ku Lizulu ndi ku Tsangano msika uli pamzere weniweni wa malire: kabichi ndi mbatata ya kachewere ukugula mbali ino, wokugulitsayo wagona mbali inayo. Malirewa anajambula ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, sanafunse agogo athu, ife tangowalandira n'kumawalondera ngati munda wa makolo.

Atsogoleri akakwera pansanja, nyimbo ndi yokopa alendo. Alendo ake ati? Maso onse ali kubwalo la ndege, kudikira wa ku London ndi madola ake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Banja la ku Chipata lilibe nyanja pafupi, ndipo Senga Bay ndi ulendo wa maola ochepa. A ku Tete amapsa ndi dzuwa pomwe phiri la Mulanje ndi la Zomba kukuzizira bwino. Amenewa ndiwo angadzaze malo ogona ku Salima Loweruka lililonse, kudya chambo, kugula ziboliboli, kubwerera Lamulungu. Ifenso tikanamapita kukaona njovu ku Mfuwe ku Zambia osadikira kuziona pa TV. Koma ayi, pasipoti kaye.

Mu December 2022 a Chakwera ndi a Hichilema anatsegulira chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, choti munthu aziima kamodzi kokha m'malo moima kawiri. Nyumba zokongola, sindikana. COMESA, mgwirizano wa zamalonda wa mayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, nayo ili ndi ndondomeko yoti ochita malonda ang'onoang'ono azidutsa ndi katundu wosaposa madola 2,000 popanda chipwirikiti cha mafomu. Ndiye katundu amuchepetsera mavuto, koma mwini katunduyo ayi? Thumba la soya liwoloke mosavuta kuposa munthu wolinyamula?

Akuti chitetezo. Chitetezo chanji? Wakuba sadzera pawindo. Amene mukuwabwezawo ndi anthu achilungamo, ndipo mukawabweza amakwera njinga yamoto n'kudzera njira zachidule m'minda ya chimanga, boma osadziwa walowa ndani, watuluka ndani. Ndalama yomwe ikanalowa m'thumba la boma imathera m'manja mwa owolotsa anthu. Kuwalola kudutsa ndi chiphaso ndiye chitetezo chenichenicho, dzina limalembedwa, nkhope imaoneka.

Komanso za mafoni izi. Ukangoponda tsidya linalo netiweki yathawa, ukati uimbe ndi nambala yakwanu mayunitsi amatha usanamalize moni. Ukati ugule simu ya komweko, akufunanso pasipoti yomweyo! Aphungu athu a m'maboma a m'malire, kodi ku Nyumba ya Malamulo mumakangosainira alawansi?