Kuwawa kwa chinangwa si chilema, ndi chida chake

Maganizo anga ndi akuti timalakwa tikamanyoza chinangwa chowawa, ndipo timalakwa koposa tikamachita changu pochikonza. Chomera sichingathawe nguluwe kapena anyani, choncho chinangwa chimadziteteza ndi poizoni.

Masamba ake amapanga mankhwala otchedwa linamarin, ndipo ena amatsikira ku mizu. Payekha linamarin sapha. M'chinangwa momwemo muli chinthu china, linamarase, chosungidwa padera, ngati mmene timasungira machesi kutali ndi palafini. Nyama ikaluma muzu, timaselo timaphwanyika, ziwirizo zimakumana, n'kutuluka mpweya wa cyanide umene umalepheretsa thupi kugwiritsa ntchito mpweya womwe tapuma. Poizoniyu amachuluka kwambiri m'makoko ndi m'masamba. Mitundu yozuna ngati Manyokola imakhala ndi mamiligalamu osafika 50 pa kilogalamu ya muzu wauwisi, pomwe yowawa imatha kupitirira 400.

N'chifukwa chake amayi a ku Nkhata Bay amakonda mitundu yowawa ngati Gomani. Kafukufuku wa Linley Chiwona-Karltun kumeneko anaonetsa kuti amaisankha dala: nyama siziwononga kwambiri, wakuba sangazule n'kutafuna pomwepo, ndipo chimakhala m'nthaka mpaka mwini wake atachifuna. Imeneyi ndi nzeru, si umbuli.

Koma chidachi sichisankha mdani. Munthu nayenso chimamupweteka, ndipo apa ndiye pofunika kumvetsetsa. Kuviika chinangwa sikungotsuka kuwawa ayi. Muzu wosenda ukakhala m'madzi masiku 3 mpaka 5, umafewa, timaselo timaphwanyika, linamarin ndi linamarase zimakumanira m'madzimo m'malo mokumanira m'mimba mwanu. Mukachivuula, kuchifinya ndi kuchiyanika padzuwa mpaka chiume gwaa, cyanide amauluka, poti amasanduka mpweya pa madigiri 26 okha. Muzu ukadali wolimba pakati pofinya, ntchito sinathe; ubwezereni m'madzi. Nyengo yozizira imafuna masiku ochulukirapo. Madzi oviikirawo atayeni kumene ziweto sizifika.

Chigwada nachonso n'chimodzimodzi. Yambani kusinja masambawo mpaka asalale, kenako muphike osavundikira poto. Mukawaponya m'madzi owira asanasinjidwe, moto umapha linamarase ntchito yake isanagwirike.

Ufa wa kondowole womwe mukuukayikira uli ndi njira yake, imene Howard Bradbury wa ku Australia anaiyesa: usakanizeni ndi madzi, muuyale mopyapyala osapitirira sentimita imodzi, ukhale maola 5 pamthunzi kapena maola 2 padzuwa, ndiye muphike nsima tsiku lomwelo. Muyezo wa WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, ndi wakuti cyanide asapitirire mamiligalamu 10 pa kilogalamu ya ufa.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chaka cha chilala. Mvula ikasowa, chinangwa chimawonjezera poizoni, madzi oviikira amachepa, njala imachititsa banja kuvuula mizu patangopita tsiku limodzi, ndipo nsomba, nyemba ndi mtedza, zimene zimathandiza thupi kuchotsa cyanide, sizipezeka. Zinaterotu ku Nampula m'dziko la Mozambique mu 1981, pamene anthu oposa 1,000 anagwidwa ndi matenda a konzo. Miyendo imauma mwadzidzidzi, makamaka kwa ana ndi amayi, ndipo sibwereranso mwakale.

Musaganize kuti poizoniyu amaletsa chilichonse. Tizilombo ta kodikodi komanso tintchentche toyera timayamwa madzi a chomera ndi kamlomo kopyapyala kosaphwanya timaselo tambiri, choncho msamphawo sufwamphuka mokwanira. Kodikodi anasakaza minda ya m'mbali mwa nyanja m'zaka za m'ma 1980 mpaka pamene anabweretsa timavu tochokera ku South America tomwe timaikira mazira m'thupi mwake. Tintchentcheto timafalitsa khate la chinangwa, ndipo kuwawa sikuthandiza chilichonse pamenepo. Dulani mbewu ku mitengo ya masamba osapiringizika ndi osachita mawanga achikasu, ndipo zomera zodwala muzizule zikangooneka, zisanapatsire zinzake.