Musanamizire mphepo, mtengowo unali wowola kale

Mtengo wa bulugama wagwa usiku ku Chinamwali, waphwanya mpanda ndi denga la khitchini, ndipo m'mawa anthu adzadza pamenepo, manja m'chiuno, ati "koma mphepo ya dzulo ija!" Mphepo yanji? Pitani mukaone chitsa. M'kati monse ndi fumbi lofiira, mutha kukumba ndi chala. Mtengo umenewu unayamba kufa kalekale, ana akusewera pansi pake, amayi akuyanika zovala, aliyense akungoti masamba ndi obiriwira ndiye uli bwino. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Masamba asakupusitseni. Madzi amakwera m'mtengo kudzera m'mbali, pafupi ndi khungwa. Mtima wake ukhoza kuwola wonse, mtengo n'kumaphukabe chaka ndi chaka, mango n'kumabereka, pomwe chatsala ndi chigoba basi.

Zizindikiro zake sizifuna sukulu. Tengani nkhwangwa, menyani thunthu ndi kumbuyo kwake, kuzungulira, kuyambira pansi mpaka pamene dzanja likufika. Mtengo wabwino umagunda molemera, wowola umalira ngati ng'oma. Mukaona bowa wolimba uja wonga mbale atamera patsinde, dziwani kuti mizu kapena mtima zawola kale, kumuthyola bowayo sikuchiza kanthu. Onaninso utuchi pansi, timabowo pakhungwa, njira za dothi za chiswe zokwera thunthu. Pamphanda pamene mathunthu awiri akumana mothinana, ngati pali mng'alu kapena pakutuluka madzi akuda, mbali imodzi idzang'ambika. Nsonga ikayamba kuuma pansi padakali pobiriwira, kawirikawiri vuto lili kumizu. Ngati pali phanga, lowetsani chitsulo muyeze. Thabwa labwino likakhala losafika gawo limodzi mwa magawo 3 kuchokera pakhungwa kufika pakati, mtengowo si wogona pansi pake. Choopsa kuposa zonsezi ndi mtengo umene wayamba kupendekera kumene, dothi litatukuka kapena kung'aluka mbali inayo. Umenewo musadikire Loweruka, chotsani ana ndi galimoto lero.

Zomba ino si malo ochitira chibwana. Mvula yathu mukuidziwa, Januwale mpaka Malichi nthaka imakhuta madzi, mizu imangoyandama m'matope, nyumba zambiri zili pamtsetse. Namondwe Freddy wa 2023 mwamuiwala kale? Nthawi yoyendera mitengo ndi Okutobala, mvula isanagwe. Zoyambitsa kuwola kwa mitengo ndi zomwe zija, kuotcha zinyalala patsinde, kudula mizu pokumba maziko, kusenda makungwa.

Ndiye pali anyamata a makina odulira mitengo, amene amabwera opanda chingwe n'chimodzi chomwe, kungoyang'ana m'mwamba n'kuti "bwana musadandaule, ugwera uko." Ugwera uko bwanji? Pogwetsa mtengo, kumbali imene ukugwera mumagoba kamwa losapitirira gawo limodzi mwa magawo 3 a thunthu, kumbuyo mumadula pamwamba pang'ono, ngati masentimita 5, ndipo pakati mumasiya thabwa losadula loti liwongolere. Thabwa limenelo likakhala lowola silingawongolere chilichonse, mtengo umapotoloka n'kugwera komwe wafuna. Wowola sakwerapo munthu, nthambi imathyoka ali pomwepo. Mangani chingwe m'mwamba poponya, okoka aime kutali, oonerera atalikire kawiri kutalika kwa mtengowo. Ngati nthambi zili pafupi ndi mawaya, itanani a ESCOM kaye azimitse magetsi, wa makinayo asayerekeze.

Ndipo inu eni nyumba za lendi, wokhalamo akakuuzani kuti mtengo ukulira usiku kukachita mphepo, musamuyankhe kuti "anadzala ndi malemu bambo." Lendi mumaikumbuka pa 1 mwezi uliwonse, koma ndalama yodulira mtengo umodzi akuti palibe.