Dzira la nyani tisamaliweruze ndi maso okha

Ndikamva ofufuza akunyadira kuti nyani wamkazi watulutsa mazira ambirimbiri atabayidwa mahomoni, ine ndimafunsa kuti: mwa mazirawo, ndi angati anakula mpaka tsiku la 8 atalandira umuna m'mbale ya ku labotale?

Kwa anyani a mtundu wa rhesus, monga amene amasungidwa ku Oregon National Primate Research Center, malo ofufuzira za anyani ku America, jakisoni wa FSH, homoni yokulitsa timatumba ta mazira, amayamba m'masiku oyambirira a msambo, kawiri patsiku, kwa sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Kenako amabaya hCG, homoni yokhwimitsa mazira, nthawi zambiri 1,000 IU (muyezo wa mphamvu ya mankhwala), ndipo mazira amayamwidwa ndi singano pakadutsa maola pafupifupi 27 mpaka 36. Mukafulumira mupeza aawisi ambiri. Mukachedwa, nyani watulutsa kale yekha.

Ku labotale amachotsa maselo okuta dzira ndi mankhwala a hyaluronidase, n'kuliika pa maikulosikopu. Likaonetsa kathumba kozungulira m'kati, ndi GV, laliwisi. Kathumbako kakasowa koma palibe kanthu pambali, ndi MI. Kakaoneka kachibulumwa kakang'ono pakati pa dzira ndi chikhokho chake, ndi MII, ndipo apa ambiri amalemba kuti "lakhwima" n'kupumira m'mwamba.

Apa ndiye pali vuto. Kachibulumwako kamangonena kuti makromozomu, tinthu tonyamula chibadwa, agawanika. Sikanena ngati agawanika molingana, ndipo sikanena chilichonse za mnofu wa dziralo, umene uyenera kusamalira mluza masiku oyamba. Dzira la MI limene lakhwimira m'mbale usiku limafanana ndithu ndi limene linakhwimira m'thupi, koma kawirikawiri limakula movutikira. Kuwasakaniza m'chiwerengero chimodzi ndi kudzinamiza.

Kuzizira nako kumawononga mwakachetechete. Tiulusi togwira makromozomu timamasuka kutentha kwa dzira kukatsika pansi pa madigiri 37, choncho mbale yokhalitsa pa tebulo lozizira imabweretsa mlandu umene pambuyo pake amaunamizira mahomoni.

Musaiwalenso nyaniyo. Mahomoni amenewa ndi a anthu, ndiye thupi lake limapanga chitetezo cholimbana nawo. Nyani akabayidwa maulendo angapo, mahomoniwo sagwiranso ntchito bwino. Komanso rhesus ali ndi nyengo yake yoswana, ndipo m'miyezi yotentha ya ku America mazira amabwera ochepa. Lipoti losatchula zaka za nyani, mwezi, ndi ulendo wachingati umene akubayidwa, ine sindilikhulupirira.

Chimene ndikufuna kuona ndi chiwerengero cha MII pa ola loyamwa, angati analandira umuna, ndi angati anafika pa blastocyst, mluza wa maselo ambiri wokhala ndi mphako m'kati, tsiku la 7 kapena 8.